Mphepo ndi Mbuzi za Eni

Justina atabwera kudimba masana, anapeza khola lake ladzazanso mbuzi za eni. Iye mbuzi analibe. Zonse anagulitsa chaka cha chilala chija, khola n'kutsala lobisalamo nkhuku dzuwa likaswa mtengo. Koma nazo mbuzi za Ba Fidelis, oyandikana nawo nyumba, zikubzikula ngati zili kwawo. Pakhomo pa kholalo panali patagona Mphepo, lilime lili panja.

Mphepo anali galu wodziwa ntchito. Anakulira pafamu ina ya nkhosa kufupi ndi Chongwe. Famuyo itagulitsidwa, nkhosa zinakwezedwa m'malole, agalu n'kusiyidwa akungozungulira makola opanda kanthu. Bungwe lina la ku Lusaka linawatola n'kuyamba kufunafuna makomo oti awasunge kwa kanthawi, mpaka atapezeka owatenga. Norah, mtsikana wa bungwelo, ndiye anafika ndi galuyu ku Nkomeshya.

Justina anavomera chifukwa pakhomo panali zii. Ankakhala awiriwiri ndi bambo ake, Ba Ezron, amene mutu unali utayamba kusokonekera. Ankamuitana dzina la malemu mayi ake. Kuchipatala anangomuuza kuti ukalamba ulibe jakisoni. Phokoso lokhalo pakhomopo linali la malole odutsa pamsewu waukulu wa ku Chipata, kuseri kwa minda.

Galu atabwera, zinthu zinasintha. Nkhalamba inayamba kumaliza mbale. Justina akabwera kudimba ankaipeza ili m'tulo tofa nato pampando wake, ngati munthu amene wachokera kolima. Iye anamukonda galuyo kuposa momwe ankafunira, podziwa kuti si wake.

Za mbuzi zitayamba, mudzi wonse unaseka. Amati galu wa Justina ali pa ulova, ndiye akungogwira ganyu wosatumidwa. Koma Ba Fidelis kuseka kunawathera msanga. Mbuzi zawo zinkaswera m'khola la eni osadya, ndipo ina inataya mwana.

Tsiku limeneli anabwera okha kudzazitenga. Sanakhale n'komwe pansi.

"Ba Justina, nakamba kambiri," anatero. "Mailo nikazipezanso muno, galu uyu nizamuikila poizoni mu nyama. Musakakambe kuti sininakuuzeni."

Palibe chimene Justina sanayese pa galuyo. Anamumanga ndi chingwe, anachitafuna. Anamumanga ndi tcheni, anapulumuka khosi lili chilonda. Anamutsekera m'khitchini, anakumba pansi pa chitseko. Tsiku lina anamanga chitseko cha khola ndi luzi, koma pobwera anapeza chili chotsegula, mbuzi zili m'kati. Norah anali atanena kale kuti agalu a mtundu umenewu ali ndi nzeru ngati anthu, koma zinazi zinali zonyanya. Kamodzi anamukwapula ndi kamtengo. Galu anangomuyang'ana n'kugwedeza mchira, ndipo amene analira ndi Justina.

Kusiya dimba kuti azilondera galu sakanatha, chifukwa tomato yemweyo ndiye ankawadyetsa. Kumutenga kudimba anayesa, koma akangowerama kuti athirire, galu anali atabwerera kale kumudzi.

Poopa kuti mawa galu adzafa, Justina anaimbira foni Norah. Norah anamvetsa, koma sanamubisire: khomo lina loti limulandire Mphepo panalibe, abwerera m'kachipinda ka waya ku Lusaka. Komabe waya ndi bwino kusiyana ndi poizoni.

Galimoto inafika dzuwa litapendeka. Mphepo atangoiona anathamanga n'kukagona pamapazi a Ba Ezron. Anamunyengerera ndi nyama, anakana. Mapeto ake anamunyamula anthu awiri, zikhadabo zikukanda pansi.

"Mumupeleka kuti mnyamata wanga?" anafunsa Ba Ezron.

Justina anawanamiza kuti akupita kukabayitsa katemera. Galimoto inanyamuka galu akulira, ndipo kulirako kunamveka mpaka kukakhotera kumsewu. Justina analowa m'nyumba n'kukhala pansi osayatsa moto. Anadzimva ngati munthu amene wagulitsa m'bale wake.

M'mawa mwake anapita kudimba monga mwa masiku onse, koma ntchito sinkayenda. Pobwera anayamba wasuzumira m'khola. Munali nkhuku zokha. Anapuma mpweya wautali, kenaka anachita manyazi kuti mtima wake watsika. Basi, nkhani yatha. Ba Fidelis aziweta mbuzi zawo mu mtendere, ndipo Mphepo, ngakhale ali m'waya, ali moyo.

Pampando pa bambo ake panalibe munthu. Anaganiza kuti mwina dzuwa lawalowetsa m'nyumba. Akutula ndowa kuti akaone, njinga inaima pabwalo mwaphuma. Anali Kondwa, bambo wa mudzi wakutsidya amene amadutsa m'mawa uliwonse ndi matumba a makala popita ku Chongwe. Thukuta linali kamukamu.

"Ba Justina, atate anu ali pa mseu wa tala, apitikitsa mbuzi pakati pa malole. Nayesa kuwagwila, anichaya na ndodo." Anapukuta kumaso n'kumwazamwaza maso pabwalo. "Masiku onse nimawaona atenga mbuzi izi, ati ni zao. Koma akafika pafupi na mseu, galu uja amawatsekela kutsogolo, abweza iwo na mbuzi zonse kunyumba. Nanga lelo ali kuti galu?"