Pulambala amene ankayeza mwanabele ndi sipanala

Panali bambo wina, pulambala, amene anthu ankangowatchula kuti a Sipanala. Amene anandiuza nkhaniyi akuti bamboyu ankamva paipi ikudontha ali pa mtunda wa makilomita awiri, atavala chipewa chotseka makutu. Makilomitawo ine sindinayeze, koma zotsalazi n'zoona.

Kuphazi kwawo, pafupi ndi chidendene, kunatuluka kadontho kakuda. Iwo ankati ndi phula lomwe anaponda ku ntchito. Phulalo linakana sopo, linakana mwala, kenako linayamba kukula n'kumadetsa sokosi ndi magazi. Akazi awo atatopa n'kuchapa masokosi, anawakokera kuchipatala.

Kumeneko anadula kadonthoko n'kukakayeza. Inali khansa ya pakhungu, ija amati melanoma. Dokotala wake, mayi wamfupi wosazungulira polankhula, anawagwira m'mphechepeche n'kupeza mwanabele mmodzi wolimba ngati kamwala. Anamubaya ndi singano, kuyeza, matenda anali atafikamo. Anawafotokozera kuti anabele ali ngati masefa a thupi: zoipa zochokera kuphazi zimayamba zakodwa pamenepo zisanapitirire. Anawajambula thupi lonse, kwina konse kunali bwino. Ndiye anati anabele a mbali imeneyo achotsedwe msanga.

"Adokotala, ife ku ntchito kwathu sitigumula khoma pomwe sipakudontha," anatero a Sipanala. "Phazi mwakonza. Apa sipakupweteka."

"Kusapwetekako ndi kumene kukundidetsa nkhawa, bambo."

Anavomera ndi pakamwa pokha. Tsiku la opaleshoni anawaveka chovala chija chotsegula kumbuyo, n'kuwalemba chizindikiro ndi cholembera pantchafu, n'kuwakhazika pabenchi kuti adikire. Pambali pawo panakhala munthu wina wa nyuzipepala m'manja, wosadwala, wongodzaona m'bale wake. Atamva za opaleshoniyo anapukusa mutu. Anati mlamu wake anamuchotsa zomwezo, mwendo unatupa ngati diramu, moti pokwera basi mwendowo umalipira mpando wakewake, ndipo buluku anachita kumusokera ndi katani.

A Sipanala anayang'ana mwendo wawo. Ntchito yawo ndi yonjuta pansi pa masinki ndi kukwera makwerero. Sanafunse dzina la munthuyo, sanafunse ngati mlamuyo alikodi, sanafunsenso dokotala. Anauza namwino kuti akupita kuchimbudzi, anavala buluku pamwamba pa chovala cha chipatala, n'kutulukira khomo la ochapa zovala. Akazi awo atafika masana ndi chikwama cha zovala, anapeza pabenchi paja palibe amuna awo. Kunyumba bambo anawauza kuti madokotala aonanso bwinobwino, akuti opaleshoni njosafunika. A chipatala anaimba foni katatu. Katatu konse a Sipanala anasintha mawu n'kunena kuti nambala ndi yolakwika.

Koma mtima sunakhale pansi. Lamlungu lililonse ankadzitsekera m'bafa ndi bokosi la zipangizo. Ankatenga sipanala n'kuiyeza pang'onopang'ono pa mwanabele uja, ngati akuyeza mutu wa bawuti, n'kulemba nambala ndi pensulo mkati mwa chivundikiro cha bokosi. Poyamba inakwana sipanala ya nambala 10. Patatha mwezi 13. Anadziuza kuti mwina anayeza mopendekeka. Kenako 17. Chakudya chinayamba kubwerera m'mbale chili chonse, nthabwala zinatha, makasitomala n'kumafunsa ngati a Sipanala aferedwa. Itafika 22, pambali pake panatuluka mnzake. Kunjuta pansi pa sinki kunayamba kuwatulutsa thukuta.

Lamlungu lina anaiwala kukhoma chitseko. Akazi awo analowa ndi thaulo n'kuwapeza ataima, buluku lili m'mawondo, masipanala ali mbwee pansi.

"Bambo, mukumasula chiyani pamenepo?"

A Sipanala anayesa kuseka.

"Mayi, masipanala andithera. Yaikulu ija yakana kulowa."

Mayiwo anawerenga manambala a pachivundikiro kuyambira pamwamba mpaka pansi. Sanakalipe. Anangofunsa ngati madokotala aja ananenadi zimene bambo anawauza zija. Bambo anayang'ana pansi. M'mawa mwake anali pa mzere wa kuchipatala, mayi atawagwira lamba kumbuyo ngati wapolisi.

Panali patapita miyezi isanu. Dokotala uja anawazindikira, ndipo nayenso sanakalipe, zomwe zinawaopsa kwambiri a Sipanala. Anawajambulanso. Opaleshoni inatenga nthawi yaitali, chifukwa anachotsa anabele a m'mphechepeche ndi enanso a mkati cha m'chiuno. Anadzuka ali ndi kapaipi kotulutsa madzi pabala. Mwendo unatupadi, koma wa diramu ayi. Anawapatsa sokosi yothina n'kuwauza kuti aziusanjika pa pilo.

Pa tsiku lachinayi chichitikireni opaleshoni, dokotala anabwera, anakoka katani, n'kukhala pampando. Anati chithunzi chatsopano chikuonetsa timadontho tiwiri m'mapapo, ndipo ayamba mankhwala a m'diripi. Akazi a Sipanala anagwira chitsulo cha bedi. A Sipanala anafunsa:

"Adokotala, ndikanapanda kuthawa tsiku lija?"

"Sindingakunamizeni kuti mukanachira ndithu, bambo. Zimenezo palibe akudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti tsiku lija m'mapapo mwanu munalibe kanthu. Chithunzi chake ndili nacho. Mukufuna muchione?"

A Sipanala anapukusa mutu, natembenukira kukhoma.

Phunziro: Dokotala akati mwanabele achotsedwe, usadikire kuti ayambe wapweteka. Ngati ukuopa, uza dokotala yemweyo mantha akowo, osati munthu wa pabenchi amene ngakhale dzina lake sukulidziwa. Ndipo kadontho kakuda kakuphazi kakayamba kukula, usati ndi phula. Usaisunge nkhaniyi mufoni ngati chithunzi cha ukwati. Itumize kwa abale ako, makamaka amalume aja amene amadziwa zonse.