Tsiku Limene Msana wa Sadaqat Unakhudza Pansi

Kuno ku Gujranwala kunali munthu wina dzina lake Sadaqat, katswiri wa masewera ogwetsana. Pa masewerawa wogonja ndi amene msana wake wakhudza dothi, ndipo wa Sadaqat sunalikhudzepo kwa zaka khumi ndi zisanu.

Bondo litayamba kuvuta anasiya masewerawo, koma kadyedwe ka pabwalo sanasiye. M'mawa uliwonse kapu ya mafuta a mkaka wa njati zoweta, masana nyama ndi chapati khumi. Chimene chinasiya ndi thukuta lokha. Mimba inayamba kutsogola, mwini wake n'kumabwera pambuyo.

Mkazi wake Zubaida analankhula mpaka kutopa. Dokotala naye anamuuza kuti mafuta ochuluka amafooketsa chitetezo cha m'thupi, kotero chimfine chikamupeza chingatsikire m'mapapo. Anati achepetse thupi, abayitsenso katemera.

Sadaqat anangosisita mimba. "Adokotala, inu ndikhoza kukunyamulani ndi dzanja limodzi. Ndiye ine andigwetse chimfine?"

Nkhaniyi imanditopetsa kuifotokoza, chifukwa tonse tinkamuombera m'manja. Pa phwando lililonse tinkamuwonjezera mbale, n'kumati thupi la mwamuna ndi limeneli.

M'nyengo yozizira, kutatsala milungu itatu kuti mwana wake Rukhsana akwatiwe, chimfine chinalowa m'nyumba. Zubaida anagona masiku anayi n'kudzuka. Sadaqat anakana zopita kuchipatala, akuti anzake a pabwalo angamuseke. Ankangomwa mkaka wotentha wothira mafuta omwe aja. Sabata isanathe, mpweya unkamuthera pakati pa mawu.

Kuchipatala anati agone chafufumimba kuti mapapo apeze mpata. Anamwino anayi anamutembenuza, koma mimba inkamupanikiza, kupuma n'kumavutiravutira. Anamubwezera chagada.

Sadaqat anayang'ana kudenga. "Mayi a Rukhsana," anatero motsitsa, "msana uli pansi uwu. Ndagonja."

Anamwalira patapita masiku atatu. Ukwati unadzachitika miyezi itadutsa, wopanda ng'oma. Potulutsa mkwatibwi pakhomo, Korani imene Sadaqat ankati adzaigwira yekha pamwamba pa mutu wa mwana wake, monga mwa mwambo wa kuno, anaigwira amalume a mwanayo. Rukhsana anadutsa pansi pake osadzutsa mutu.

Phunziro: Kukula thupi si mphamvu. Chimfine chimene wina amadzuka nacho, wonenepa kwambiri chikhoza kumutenga. Kupuma kukayamba kuvuta, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Tumizirani uthengawu amene mumamuwonjezera mbale uja, mwina inu akumverani.