Chimene Shuvai Ankathawira Masana

Panali munthu wina kwathu ku Gokwe, mphunzitsi wamkulu, dzina lake a Muchemwa. Amene anandiuza nkhaniyi amaphunzitsa pasukulu yomweyo, ndipo si munthu wokonda kukometsera nkhani.

A Muchemwa sanali oipa mtima, tisawanamizire. Zinkawapweteka kuona ana a Giredi 7 akulephera mayeso chaka ndi chaka. Pasukulupo zipinda zinali zochepa, choncho ana ena ankaphunzira m'mawa, ena n'kumalowa masana. Ndiye iwo anaganiza zoti a Giredi 7 asamaweruke masana, azitsala pansi pa mitengo mpaka dzuwa litapendeka.

Pamsonkhano wa makolo panavuta.

"Azitsala basi!" anatero bambo wina. "Akaweruka msanga amangozungulira m'magolosale ngati mbuzi zopanda mwini."

"Inu, mwana wanjala angamve masamu dzuwa lili paliwombo?" anayankha mayi wina. "Kapena muziwaphikira ndinu?"

Anthu anaseka. Kumbuyo kwenikweni, mayi wina wamasiye anakweza dzanja pang'ono n'kulitsitsanso. Mphunzitsi wina, Mayi Dzvairo, anaziona zimenezo, ndipo anthu atabalalika anawatsatira a Muchemwa.

"Bwana, musathamange nazo. Ovutika salankhula pagulu, amachita manyazi. Tiyambe tayenda m'makomo."

"Mayi, anthu awomba m'manja, nkhani yatha. Mayeso sadikira munthu."

Zinayambikadi. Koma Shuvai, mwana wa mayi wamasiye uja, amene ankakhala nambala wani m'kalasimo, belu la masana likangolira ankatola mabuku n'kuliyatsa liwiro. Anamupatsa chibalo chokumba dzenje, mawa lake anathawanso. Akamufunsa ankangoyang'ana pansi.

"Wayamba matama eti?" anakalipa a Muchemwa pamaso pa anzake. "Kapena kuli kamnyamata kamene kamakudikira kumsika?"

Kalasi yonse inafa ndi chiseko. Shuvai anangogwetsa misozi. Kuyambira tsiku limenelo a Muchemwa ankakhoma geti ana a masana akangolowa, kiyi n'kuponya m'thumba, iwo n'kuima pomwepo ngati mlonda.

Shuvai anasiya kuthawa, a Muchemwa n'kumati mankhwala agwira. Sanadziwe kuti ku Giredi 3 ya masana kuli mwana amene wasiya kubwera. Patapita milungu ingapo, Shuvai naye anasowa.

Apa a Muchemwa anada nkhawa, poti mayeso anali atayandikira. Anapalasa njinga mpaka kwawo kwa mtsikanayo, ndipo anapeza mayi ake akusankha thonje pakhonde.

"Mayi, mwana wathu uja ali kuti?"

Mayiwo anawomba m'manja mwaulemu.

"Bwana, yunifolomu m'nyumba muno ndi imodzi. Shuvai ankavala m'mawa, masana n'kuthamanga kudzamuvulira mng'ono wake Chenai. Opanda yunifolomu paja mumawabweza pageti. Mutayamba kukhoma, wamng'onoyo ankangokhala pakhomo pano n'kumalira."

"Nanga bwanji simunanene kumsonkhano kuja?"

"Pamaso pa anthu onse aja? Ndiimirire n'kunena kuti ana anga amabwerekana diresi?"

A Muchemwa anavula chipewa.

"Ndigula ine lina, lero lomwe. Muitaneni, mawa abwere."

"Anapita ku Harare, bwana, ndi mayi wina amene ankafuna wantchito wa m'nyumba. Anachoka ine ndili kumunda. Nambala imene anasiya sikugwira."

Nthawi yomweyo Chenai anatuluka m'nyumba atavala diresi lija. Linkamufika m'mapazi, m'chiuno atalimanga ndi kansalu. Anagwada n'kupereka moni.

"Sisi Shuvai anati ndizivala ndine tsopano," anatero mwanayo, "chifukwa iwo kuwerenga anadziwa kale."

Akuti pobwerera a Muchemwa njingayo anachita kuikankha, kukwera kunawakanika. Anafunsa kwa oyendetsa mabasi, anatumiza uthenga m'matchalitchi, koma palibe amene anamuona Shuvai. Ine zimandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa bamboyo ankafuna ana onse akhoze. Mayeso analembedwa popanda Shuvai.

Phunziro: Kuwonjezera nthawi ya sukulu si kulakwa, koma musanatero kafunseni m'makomo, makamaka kwa amene sayankhula pamsonkhano. Mwana akamaphwanya lamulo tsiku ndi tsiku, mutengereni pambali mumve chifukwa chake musanamuchititse manyazi. Tumizani nkhaniyi kwa aphunzitsi, a komiti ya sukulu ndi makolo anzanu, mwina ingapulumutse mwana wina.