Mzele wa Ennie

Laputopu ya Danwell inali ndi mbali ziwili. Ikayaka inkaonetsa mizele yosankha: wapamwamba wake, wapansi wa mkazi wake Ennie. Malilo a Ennie atatha, alamu a Danwell pogawa zovala za malemu anafufutitsanso mzele wa Ennie, kuti mzimu usabwele kudzalondola zinthu zake. Koma nyimbo zimene Ennie ankaimba kukwaya zinali kumbali imeneyo.

Dzuwa litalowa, Danwell anaika laputopu m'chikwama, napalasa njinga kupita kwa Steward, wokonza makompyuta paboma.

"Bwezelani mzele wachiwili," anatelo Danwell.

Steward anafufuza, napukusa mutu. "Adada, mbali iyi inafufutidwa yonse. Ndipo za malemu sitibweza."

"Yesani."

"Palibe choti ndiyese."

Pobwelela kwawo ku Mphamba, chikwama chinayamba kufunda kumsana, ngati munthu wamutsamila. Njinga inalemela. Kenako anamva kafani ka laputopu kakulila m'chikwamamo, chikhalilecho batile inathela kwa Steward.

Anaima pamseu natsegula laputopu. Inali yoyaka. Mzele wa Ennie unali utabwelela, wosankhidwa kale, manambala owelenga masekondi oti mbaliyo itseguke akutsika okha.

Danwell anafunafuna mzele wake. Panalibe.