Mwendo Wakumanzere wa Mayi Yang

Panali munthu wina kuno kuchilumba cha Jeju, dokotala wa msana, dzina lake Bu Tae-sik. Luso anali nalo, koma phuma lake, mayo ine! Ngakhale supu ankamwa chiimirire.

Tsiku lina ankachita opaleshoni Mayi Yang, mlimi wa manachesi, kuwalimbitsa msana ndi misomali yachitsulo. Miyendo yawo inali italumikizidwa ku makina oonetsa ngati mitsempha ikugwira ntchito. Wogonetsa wodwalayo anali Dokotala Pyo Eun-sil, amene anabwera m'mbuyo mwa Tae-sik kusukulu ya udokotala. Ndiye mukudziwa nokha, kuno wamng'ono satsutsa wamkulu pagulu.

Mwadzidzidzi mizere ya miyendo yonse iwiri inafooka pa makinawo.

"Akulu, taimani kaye," anatero Eun-sil.

"Ndi mankhwala akowo, wawagonetsa kwambiri. Ine ndikupitiriza."

"Amene ndawapatsa lerowa sachedwa kutha m'thupi. Ndichepetse pang'ono, tidikire. Ngati ali mankhwala, mizere yonse ibwerera."

"Iwe, ndinayamba ntchitoyi usanadziwe kugwira jekeseni!" Anakhomerera msomali wina.

Eun-sil anaimirira. "Mayiwa akadzuka osayenda, mukawauze nokha ana awo."

Ophunzira udokotala amene ankaonerera anazolika, mutu pansi. Tae-sik anapsa mtima, koma mawu aja anamubaya. Anaika zida pansi.

"Chepetsa, tione."

Posakhalitsa mzere wa mwendo wakumanja unadzuka. Wakumanzere unangoti gone.

Apo m'pamene mantha anamugwira mkuluyo. Sanali mankhwala ayi. Anafufuza misomali yake umodziumodzi, n'kupeza wina wapatuka, ukufinya mtsempha. Anauzula pang'onopang'ono, munthu wa phuma uja.

Aliyense maso pa makina. Kenako mzerewo unagwedera, n'kukwera, n'kukweranso.

"Wabwera! Wabwera!" anafuula namwino.

Mayi Yang atatsitsimuka, Tae-sik anaima kumapazi kwawo.

"Mayi, tagwedezani zala zakumiyendo."

Zonse zinagwedera, zakumanzere zomwe. Anamwino anaomba m'manja, Eun-sil misozi ili mbwe, Tae-sik atamuweramira mpaka m'chiuno pamaso pa ophunzira ake.

Mayi Yang anakweza mutu. "Kodi nonsenu simunaonepo mapazi?"

Phunziro: Wamng'ono akakuuzani kuti taimani kaye, imani, ngakhale mutam'posa zaka ndi maudindo. Kudikira pang'ono kumatha kupulumutsa miyendo ya munthu. Musawerenge nokha, tumizirani onse aphuma amene mukuwadziwa.