Mkombero Wachikasu Paphewa la Mkwatibwi

Dzuwa litangolowa, mayi wojambula zithunzi anabwerera ku situdiyo ndi mng'ono wake, mkwatibwi wa dzulo, kuti akamalize chithunzi chimodzi. Njira yonse ankangoseka.

"Achemwali, anthu akumbuyowa asaoneke bwinobwino," anatero mng'onoyo. "Koma musandiike mkombero wowala ngati woyera mtima."

"Iwe woyera mtima? Amuna ako amve!"

Mkuluyo ntchito yake ankaidziwa. Ukachititsa chimbuuzi kumbuyo munthu ali pomwepo, mtundu wa zovala zake umatayikira m'mbali n'kusiya mkombero. Choncho anadula mkwatibwi pakompyutapo n'kumuika payekha, malo otsalawo anawatseka ndi mtundu wa khoma, kenako anachititsa chimbuuzi n'kumubwezerapo.

Koma mkombero unaonekabe, tsono wachikasu. Chonsecho diresi linali loyera.

Anayambiranso mosamala. Chikasucho sichinachoke. Chinachokera kumsana n'kupindikira paphewa la mkwatibwi, ngati mkono wa munthu amene wakukumbatira.

Mng'onoyo anayang'anitsitsa, kenako anawomba m'manja akuseka, misozi ili mbwembwembwe.

"Juzi yachikasu ya malemu amayi ija! Ndinanena ine kuti ukwati wanga sangaujombe! Musafufute, achemwali, musayerekeze!"

Mkuluyo anaseka nawo mpaka nthiti kuwawa. Anasunga chithunzicho mmene chinalili, n'kuzimitsa kompyuta.

Pagalasi lakuda la kompyutayo munaoneka nkhope zawo ziwiri, zikumwetulirabe. Mkono wachikasu uja tsopano unali paphewa la mkuluyo, ndipo phewalo linayamba kufunda.