Jagun Asadye

Morenike amagogoda mimba ya galu wake ngati akusankha chivwende pamsika wa Bodija. Jagun akangodya, iye amagwada, n'kugogoda, n'kutchera khutu. Make wa Jagun, chigalu chachikulu ngati thole, chinafera m'manja mwa Morenike, mimba itatupa ngati ng'oma, chifu chitapotoka.

Dokotala wa ziweto anati chifu cha Jagun achisokerere kunthiti chisanapotoke nachonso, koma galuyo abwere asanadye kanthu.

Tsiku la opaleshoni, Morenike anapeza Jagun akunyambita mbale ya eba, nsima ya chinangwa. Aka kanali kachiwiri opaleshoniyo kulephereka chonchi.

"Bambo a Tolani, mwamudyetsanso dala?"

Mwamuna wake sanachotse n'komwe mswachi mkamwa. "Galu wosadwala akamung'ambe? Mukufuna Ibadan yense andiseke?"

"Dzenje la make munakumba ndinu! Mwaiwala?"

"Ndiye kagoneni naye m'khola, mwamuna wanu ndi ameneyo."

Morenike anagwada, nagogoda. Mimba inali idakali yofewa.

"Tikagona kwa mng'ono wanga," anatero. "Ameneyo amamana ndi mlendo yemwe."

Analowa m'nyumba, naponya m'chikwama nsalu ziwiri ndi unyolo wa Jagun. Mbale anaisiya.